Njinga Yokokera Kumanzere

Anthu a m'mbali mwa msewu wa ku Chalimbana ankawadziwa a Greenwell Chipasha ndi matumba awo a makala. Munthu unkayamba kuona matumbawo, osanjikizana mpaka kupitirira mutu, kenaka tayala lakutsogolo, ndiyeno pomaliza kamunthu kochepa thupi kali chiweramire pa chiwongolero. Ntchitoyi anaiyamba asanamere ndevu. Bambo awo pomwalira anawasiyira munda wamchenga ndi njinga yakuda yolemera ngati ngolo, ndipo pa ziwirizi njingayo ndiyo inalera banja. Ankagula makala kwa owotcha a kumidzi, n'kupalasa mpaka ku Lusaka, n'kubwerera dzuwa litapendeka ali ndi sopo, mchere ndi fumbi m'makutu. Ana awo onse, kuyambira Mervin woyamba kubadwa, anapita kusukulu chifukwa cha njinga imeneyo.

Zaka zitapita, mitengo inayamba kupezeka kutali, ndipo maondo a a Greenwell anayamba kuvuta. Poyamba ankangowawa pa chitunda. Kenaka anayamba kutupa, moti tsiku lina anatsika njinga pafupi ndi mlatho n'kulephera kukweranso. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti zonyamula katundu wolemera zithere pomwepo.

Kukhala pakhomo kunawasautsa kuposa maondowo. Akazi awo, a Virginia, anali ndi dimba la repu ndi tomato, ndipo anazolowera kugwira ntchito popanda wowayang'anira. Tsopano a Greenwell ankawalondola kudimbako ndi kampando, n'kumawalangiza kathiriridwe ka madzi. A Virginia anapirira nyengo yonse yozizira, kenaka tsiku lina anaika ndowa pansi.

"Atate ake Mervin, repu iyi nakhala nikulima inu muli mu msewu, ndipo imakula bwino. Ku tchalitchi analengeza kuti ku wekishopu ya manjinga afuna anthu ophunzira. Pitani mukaoneko."

Wekishopuyo inali ya gulu la alimi a m'deralo, pa mphambano ya njira yopita ku Palabana. Inali kontena yachitsulo yopaka utoto wabuluu, kutsogolo kwake atamanga chisakasa cha malata. Gululo linkasonkhanitsa njinga zakale, kuzikonza n'kuzigulitsa motchipa kwa alimi, ndiponso linkaphunzitsa aliyense wofuna ntchitoyo. A Greenwell anapita atavala jekete lawo la Lamulungu. Mumtima ankaganiza kuti anthuwo akangomva zaka zimene akhala pa njinga, adzawapempha kuti aziphunzitsa ena.

Mphunzitsi wake anali Dyness Sakala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza, amene makolo ake anachokera ku Katete. Anawalandira mwaulemu, anawapatsa benchi, n'kuwapempha kuti aonetse zida zimene amagwiritsa ntchito. A Greenwell anakhuthula kathumba kawo: nyundo, sipanala imodzi yotha mano, waya, ndi mphira zodula ku chubu chakale. Dyness anatola nyundoyo n'kuiyesa kulemera kwake m'manja.

"Iyi muziisiya kunyumba, atate."

"Mwana wanga, njinga ninayamba kuikonza iwe usanabadwe."

"Nikudziwa, atate. Mu msewu munthu akonza kuti afike chabe kunyumba, ndipo si chinthu choipa. Koma kuno abweretsa njinga za eni ake. Tiyeni tiyambe pang'onopang'ono."

Masabata oyambirira anawapatsa ntchito yotsuka timipira tachitsulo ta m'habu, pakati pa tayala, ndi palafini, n'kutibwezera m'malo mwake ndi girisi. Zala zawo zinali zokhuthala ndi zolimba ngati makungwa, ndipo timipirato tinkawapulumuka n'kugwera m'fumbi. Anzawo ophunzira, anyamata ndi atsikana ongotsiriza sukulu, ankamaliza msanga n'kupita pa zina. Iwo ankatsala pa benchi, akusakasaka pansi. Nthawi zina ankafuna kungonyamula jekete n'kubwerera kwawo, koma akaganiza za dimba lija ndi nkhope ya a Virginia, ankaweramanso n'kupitiriza.

Zina zinkawasangalatsa ndithu. Anadabwa kuona kuti nati imene iwo akanaimenya mpaka kuifafaniza imamasuka yokha ukaithira mafuta n'kuidikira. Anadabwanso kumva kuti tcheni chimatalika chikakalamba, n'kumadya mano a giya. Zaka zonsezo ankaganiza kuti ogulitsa masipeya ndiwo amawagulitsa zitsulo zofewa.

Tsiku lina Dyness anapita ku Lusaka kukagula masipeya, ndipo ophunzira ena anali atapita kukadya. Panafika mayi wina dzina lake Inonge, akukankha njinga yokhala ndi zigubu ziwiri za mkaka zopanda kanthu. Mayiyu ankaweta ng'ombe zochepa kufupi ndi Palabana ndipo m'mawa uliwonse ankapereka mkaka kumalo osonkhanitsira. Pobwerera anali atagwera m'dzenje, ndipo limu yakumbuyo, mkombero wa tayala, inapindika moti tayalalo linkakhula felemu.

"Ba Dyness kulibe?" anafunsa. "Mailo m'mawa nifunika kupereka mkaka. Ukagona umasasa."

A Greenwell anayang'ana tayalalo. Matayala opindika chotere anawawongolapo ambirimbiri m'mbali mwa msewu.

"Khalani apo, mayi. Iyi ni nchito ing'ono."

Anachotsa tayala, analigoneka pa miyala iwiri, n'kuliponda ndi phazi pamene panapindikapo. Njinga yawo yakuda inali ndi limu yachitsulo yokhuthala imene inkamvera zoterezi. Iyi inali yopepuka, ya njinga za masiku ano. Panamveka kaphokoso kouma, ndipo atachotsa phazi anaona kuti limuyo yang'aluka pa mfundo, masipoko angapo atazuka.

Inonge sanakalipe. Anangoyang'ana tayalalo, n'kuyang'ana zigubu zake, kenaka anakhala pa benchi atagwira tsaya. A Greenwell akanakonda atawalalatira. Kenaka anapita kuseri kwa kontena kumene anaimika njinga yawo yakuda, imene ankabwera nayo kuntchito mopalasa pang'onopang'ono. Njingayo sanabwerekepo munthu, ngakhale Mervin.

"Tengani iyi, mayi. Kaliyala yake inyamula zigubu zanu bwinobwino. Muisunge mpaka yanu ikapola."

Anamumangirira zigubuzo okha, n'kumuyang'ana mpaka anakhota. Madzulo amenewo anabwerera kwawo wapansi, akupumira m'mithunzi.

M'mawa mwake anafika msanga n'kumuonetsa Dyness tayala lija asanafunsidwe. Dyness analitembenuza uku ndi uku. Analowa m'kontena n'kutuluka ndi limu ina yabwino yochotsa ku njinga yakufa, mtolo wa masipoko, ndi kasipanala kakang'ono kozungulira kokungira masipokowo.

"Tinali tisanafike pa phunziro ili, koma manje tafika," anatero. "Muluka wilo iyi mweka. Ine nizakhala pafupi."

Ntchitoyo inawatengera pafupifupi sabata yathunthu. Sipoko iliyonse inayenera kuchoka pa habu, kudutsa pamwamba pa inzake, kulowa pansi pa ina, n'kukapeza bowo lake pa limu. Ulendo woyamba anaphonya bowo limodzi ndipo anazindikira atatsala pang'ono kumaliza, moti anamasula zonse. Atalukanso, Dyness anaika limuyo pa choimikira, anaizunguza, n'kuwaonetsa mmene inkavinira uku ndi uku. Anagwirizitsa choko pambali pake kuti chizilemba pamene patuluka.

"Pamene choko chalemba, mumasule pang'ono mbali iyi, mukunge pang'ono mbali inayo. Pang'ono chabe. Mukafulumira izathawira kwina."

A Greenwell anakhala pa kampando masiku amenewo, akuzunguza, kuyang'ana, kukunga, n'kuzunguzanso. Poyamba mtima unkawapsa, chifukwa akawongola apa pankapindika apo. Koma tsiku lina masana anazindikira kuti aiwala nthawi ya chakudya, ndipo maondo sanawakumbukire n'komwe. Choko chinkangokhudza pang'ono, malo amodzi. Anakungako kamodzi, n'kuzunguza, ndipo limuyo inayenda phee ngati yaima. Dyness anaigwira, anafinya masipoko awiriawiri kuzungulira ponse, n'kugwedeza mutu.

"Yakhala bwino, ba Greenwell. Ikani tayala."

Inonge atabwera kudzatenga njinga yake, anaikwera n'kuzungulira nayo pabwalo, ndipo anatsika akumwetulira. Kenaka analoza yakuda ija.

"Zikomo ponibwereka, atate. Koma njinga iyi mumaiyendetsa bwanji? Imakokera kumanzere. Tsiku loyamba inafuna kunilowetsa m'chimanga cha anthu. Mapewa anga akali kuwawa."

"Kumanzere? Iyi iyenda mowongoka ngati chingwe."

Dyness anaikwera pang'ono, anatsika, n'kuigadamitsa. Anamanga ulusi kuchokera kutayala lakumbuyo mpaka lakutsogolo, n'kuwaitana kuti adzaone okha. Foloko yogwira tayala lakutsogolo inali yopotoka, osati kwambiri, koma moonekeratu. A Greenwell anayang'anitsitsa, ndipo anakumbukira. Mervin ali wakhanda, iwo anagwa ndi matumba pa chitsikira china mvula ikugwa. Anadzuka, anaponda foloko ija mpaka tayala linayambanso kuzungulira, n'kupitiriza ulendo. Kuyambira pamenepo thupi lawo linazolowera kutsamira kumanja, ndipo iwo sanadziwe.

Anakhala masiku angapo osaigwira. Zinkawachititsa manyazi pang'ono, komanso ankaona ngati kuisintha n'kuinyoza njinga imene inawadyetsa. Pomaliza anasankha foloko ina m'mulu wa zitsulo, anaitsuka, n'kuiika okha ndi timipira tatsopano. Loweruka masana anabwerera nayo kunyumba. Panjira yonse ankalimbana nayo, chifukwa tsopano inkaoneka ngati ikuthawira kumanja. Atafika pa kanjira ka kudimba, analowa nayo mu mpanda wa udzu n'kutsamira momwemo, phazi limodzi lili m'mwamba. A Virginia anawaona ali pachitsime. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ndiye mwaphunzira kukonza, mwaiwala kuyendetsa?"

"Njinga ili bwino, amake Mervin," anayankha akudzichotsa udzu m'jekete. "Wotsala kuwongola ni mwini wake."

Zinawatengera mwezi kuti thupi livomere.

Maphunziro atatha, gulu lija linapatsa wophunzira aliyense bokosi la zida. Achinyamata ambiri anapita kukafuna ntchito m'tauni ya Chongwe ndi ku Lusaka. A Greenwell anamanga kachisakasa pakhomo pawo, moyang'ana msewu, n'kupachika limu yakale pa mtengo kuti odutsa adziwe. Oyamba kubwera anali anzawo a makala, amene kumeneko amawatcha malasha. A Boyd, amene anayenda nawo msewu wa Lusaka zaka zambiri, ankadandaula kuti a Greenwell ayamba kuchedwetsa anthu.

"Iwe, imenye chabe nipite. Malasha yanga yazapeza msika watha."

"Tsitsa masaka, ukhale pansi. Amake Mervin aphika munkoyo, umweko."

A Boyd ankang'ung'udza, koma ankatsitsa, ndipo ankabweranso. Kenaka kunayamba kubwera ana asukulu, ophunzira a ku Chalimbana ndi njinga zawo zamagiya, ndi amayi a tomato. Zamagiyazo zikawakanika, a Greenwell sankachita manyazi. Ankauza mwini wake kuti abwere mawa, n'kupita nayo kwa Dyness, amene tsopano ankamutcha kuti ba ticha ngakhale pamaso pa a Boyd.

M'chilimwe chathachi a Greenwell anapeza ku wekishopu felemu yotsika, yopanda mtanda wapakati, imene inalibe mwini. Anaipempha, n'kumaimanga pang'onopang'ono pakakhala palibe kasitomala. Mawilo onse awiri analuka okha. Ataimaliza anaikankhira kudimba n'kuiimika pafupi ndi mabedi a repu.

A Virginia anali asanakwerepo njinga moyendetsa okha chibadwire. Moyo wawo wonse ankakhala pa kaliyala, kapena kusenza dengu pamutu. Anaizungulira, anagwira chishalo, n'kunena kuti pa msinkhu wawo safuna kuthyoka mwendo anthu akuona. Komabe madzulo ake, dzuwa litazizira, anamanga chitenje mokweza pang'ono n'kunena kuti angoyesa kamodzi, kuseri kwa nyumba kumene kulibe anthu. A Greenwell anagwira chishalo kumbuyo n'kumatsimphina pambali pawo mmene maondo ankawalolera. A Virginia anagwa kawiri m'mizere ya mbatata. Sabata yachitatu a Virginia anawauza kuti asiye kugwira, akuwasokoneza.

Masiku ano Lachiwiri ndi Lachisanu a Virginia amamanga dengu la repu pa kaliyala n'kupita okha kumsika wa ku Chongwe. Kukhota sanakuzolowerebe, choncho akafika pa mphambano amatsika, n'kuitembenuza njingayo ndi manja, n'kukweranso.