Kaloko ka ba Shamsia

Ba Shamsia Ayub amakhala ku Kabwata, m'nyumba yomwe anawasiyira bambo awo, telala wochokera ku Malawi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasamala satifiketi ya pa intaneti ya yunivesite ina ya m'tauni. Satifiketiyi ndi chidindo chotsimikizira wophunzira kuti tsamba limene watsegula ndi la yunivesite, osati la wakuba. Ikakhala bwino, pafoni pamaoneka kaloko.

Koma imatha chaka ndi chaka. Mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi, ba Shamsia analemba kalata yopempha satifiketi yatsopano. Kalatayo inagona pa tebulo la ba Spencer Kangwa, mkulu wa ofesi yawo, mpaka jakaranda anachita maluwa n'kuyoyoka. Satifiketi inatha mu Okutobala, tsiku lenileni lotulutsa zotsatira za mayeso. Kaloko kanazimirira, ndipo aliyense wotsegula tsamba ankalandira chenjezo lofiira.

Ba Kangwa anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Ba Shamsia, tumizani meseji kwa ana onse. Asavutike na chenjezo, adine chabe apitilize."

"Sinizatumiza, ba Kangwa."

"Ni kabatani kamodzi chabe!"

"Zaka zonsezi nawaphunzitsa kuti chikafiila athawe. Lelo niwauze kuti chofiila chili bwino? Mawa wakuba akapanga tsamba monga lathu, azadinanso, amupatse mapasiwedi."

"Mwaiwala amene anasaina kalata yanu ya nchito?"

"Iyo munasaina bwino. Ya mu Ogasiti ndiye inakukangani kusaina."

Atatero, ba Shamsia anatseka tsambalo. Anasindikiza zotsatira papepala, manambala okha popanda mayina, n'kukamata pakhoma la laibulale dzuwa likuswa mtengo. Ophunzira anakwera maminibasi kuchokera ku Chelstone ndi ku Chunga, akung'ung'udza.

"Anti, tabwelela ku nthawi yakale ya UNIP?" anakuwa mtsikana wina.

"Pasiwedi yako ikali yako. Ona nambala, upite."

Satifiketi yatsopano inafika Lachinayi. Lachisanu kunabwera kalata ina: ba Shamsia asamukire kuchipinda chosungiramo makompyuta akufa. Anatenga kapu yawo ndi mkeka wopempherera, natsika masitepe osatsanzika.

Ine, mnzawo wa mu ofesi, ndinawapeza kumeneko mvula yoyamba itagwa, akupukuta fumbi pa makina osayaka. Ndinawafunsa ngati sangakapepese kuti abwerere pamalo pawo.

"Nikapepese cani? Meseji ija siinapite. Olo anibweze lelo, siizapita."