Mawaya a m'mutu mwa agogo

Ndikamva fungo la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, ndimaona agogo anga aamuna akutuluka m'nyumba kwathu ku Manyamula, atafunda thumba la feteleza kumutu, mabingu akugunda cha ku Luwawa, ife adzukulu titaunjikana pakhomo ngati anapiye.

Agogo ankanjenjemera manja moti tiyi ankathera pamalaya. Amalume, amene ankagwira ntchito ku Joni, adawatengera komweko, ndipo madokotala adawaika timawaya m'mutu ndi kabatire pansi pa khungu la pachifuwa. Adabwerako manja ali phee, mpaka kumasoka okha nsapato. Ankatigwiritsa kamzere kolimba kotsika m'khosi mwawo, ife n'kuthawa tikukuwa.

"Musaope," ankatero. "Si waya wa mpanda uyu. Akuti ndi pulatinamu, sachita dzimbiri ngakhale akhalitse m'magazi. Mbwenu ine ndidzawola, iye adzatsala."

Koma chimodzi adaiwala kufunsa ku Joni: mphenzi. Kwathu kukayamba kung'anima, makasu ndi nkhwangwa timaponya kutali, poti amati chitsulo chimaitana mphenzi. Nanga cha m'mutu n'kuchiponya kuti? Agogo adadziweruza okha. Kumwamba kukangoda, ankapita kukakhala pachulu kumunda, mvula yonse n'kuwathera pamsana. Amayi ankawachonderera mpaka misozi, koma aa, mutu umenewo udali wouma waya asanalowemo n'komwe.

Ine ndinkaopa chomene. Kukang'anima ndinkatsinzina, poganiza kuti ndikaphenya ndiona utsi pachulu. Tsiku lina masana ndidalephera kupirira, ndidathamangira konko kuti ndikawakoke dzanja. Agogo, amene adali asanandikalipirepo, adatola chibuma n'kundigenda nacho.

"Choka pafupi ndi ine, iwe mwana! Ukufuna itenge awiri?"

Nkhope ija sindidzaiwala. Nawonso ankaopa, milomo ikunjenjemera, manja okhawo ali phee.

Mphenzi sidawakhudze. Chidawatenga ndi chibayo, dzinja lomwelo lisanathe. Amalume atafika pamaliro n'kumva za chulu chija, adagwira kumutu. "Bwanji simudandiuze? Kukamagunda, malo abwino adali m'nyumba momwemo!"

Lero ndili ndi ana anga ku Mzimba boma. Bingu likagunda, khasu ndimaponyabe panja, chizolowezi sichitha. Koma ndimaima pakhomo, kuitana aliyense ndi dzina lake, ndipo chitseko sinditseka mpaka womaliza atalowa.