Mwana Wosatengedwa pa Ulendo wa ku Mangalande

Mwana wanga woyamba anakwera ndege asanamere ndi dzino limodzi lomwe, ndipo kwathu ku Bowe anthu amaikambabe nkhaniyi ngati ya mwayi. Mwayi wake uti? Ine ndikaukumbukira ulendo umenewo, mkono wamanzerewu umayamba kuwawa.

Matipate anali atangolowa kumene. Ndinkaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Chezi, pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza m'kalasi mpaka ena kumakhala pansi pa mtengo. Amuna anga, mwana wa kumapiri a Ntchisi, analinso mphunzitsi koma wa kusekondale, wakuthwa mutu ndi pakamwa pomwe. Masiku amenewo aliyense ankangoti dziko lasintha, ndipo iwo mawuwa ankawanena kuposa wina aliyense. Anapeza mwayi wokaphunzira ku Mangalande, n'kunyamuka ine ndili ndi pakati pooneka kale.

Asanapite, alangizi a kumpingo anatikhazika pamphasa tonse awiri, monga amachitira pa mimba yoyamba. Sanabise mawu. Anati khanda limabadwa lozizira, ndipo munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha, akalinyamula amalidula. Mwana amatupa masaya ndi mapazi, thupi n'kumangotha, ndiye tsempho limenelo. N'chifukwa chake bambo ndi mayi amadzisunga kufikira tsiku limene adzabwererane pamphasa n'kumutenga mwanayo, ndipo akatengedwa aliyense akhoza kumunyamula. Amuna anga anamvera zonsezi atazolika, akuomba m'manja mwaulemu. Titangotuluka anandinong'oneza kuti ndi zachikale zimenezo. Ine n'kuseka nawo, kupusa kwangako.

Ndinakachirira kwa amayi ku Bowe, mwana wamkazi. Bambo wake ali kutsidya kwa nyanja, womutenga panalibe. Kumudzi zikatere pali mankhwala amene amasambitsa khanda kuti likhwime, ndipo amayi anali atapangana kale ndi mayi wina wodziwa zitsamba. Koma abambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo atamva anamenya patebulo.

"Mizu m'nyumba mwanga muno ayi. Mdzukulu wanga amusunga ndi Mulungu."

Amayi sanatsutse, komanso mtima wawo sunakhale pansi. Mwana anangotsala pakati, mankhwala alibe, bambo alibe. Chomuteteza chinali manja anga ndi a amayi basi, ndipo amayiwo anasamuka kuchipinda kwa abambo n'kumagona ndi ine kuti nawonso akhale ozizira. Azimayi akabwera kudzaona mwana ankangosuzumira m'nsalu, manja ataika kumbuyo. Aliyense ankadziwa chifukwa chake ndipo panalibe wokwiya.

Kuti ndilankhule ndi amuna anga ndinkapita kuboma kwa Dowa kukadikira foni. Tsiku lina anandiuza kuti tikiti atumiza, ndibwere ndi mwana amuone. Ndinawafotokozera za abambo ndi amayi, ndi za mwana wosanyamulidwa ndi anthu. Anaseka mpaka foni kunjenjemera kukhutu.

"Inunso, aphunzitsi athunthu, mukuopa tsempho? Kuno ana amanyamulidwa ndi aliyense, koma ndi onenepa bwanji!"

"Nanga inu kumeneko mukudzisunga?" ndinafunsa ngati nthabwala.

"Foni ikudula iyi, tidzakambirana mukafika."

Ndinakwera matola kupita ku Ntchisi kukatsanzika. Apongozi anga aakazi anamuona mdzukulu wawo monga anachitira ena onse, chosuzumira, kenako anandigwira dzanja.

"Mukafika, chinthu choyamba amutenge mwanayu. Mwana wanga mwambo akuudziwa, tinamulera ndife."

Tsiku lonyamuka abale anandiperekeza ku Lumbadzi pa galimoto ya mlimi wina wa fodya, akuimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse. Pakhomo pa bwalo la ndege amayi anandiberekesa mwana okha, n'kumanga chitenje mwamphamvu mpaka kundithina pachifuwa.

"Tamvera iwe. Anthu a m'ndegemo sukudziwa kumene agona. Wina asamugwire mwanayu, kaya ndi mzungu kaya ndani, mpaka ukamuike m'manja mwa bambo wake. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Kunena zoona, za tsempho ndinkazikhulupirira theka. Koma ndani amayesera mwambo pa mwana wake kuti aone ngati uli woona?

M'ndege anandiuza kuti ndimutsitse kumsana, n'kundipatsa kalamba kakang'ono komumangirira pamimba panga. Ndege itayamba kuthamanga n'kudzuka, mwana anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinamupatsa bere, n'kulikana, n'kulilandiranso, uku bambo wa suti amene anakhala pambali panga akupuma mokweza kuti ndidziwe kuti tamusokoneza. Mtsikana wina wogwira ntchito m'ndegemo anabwera ndi kabedi ka khanda, n'kukakoleka kukhoma patsogolo panga. Anali wansangala, milomo yofiira, mphete kuchala. Anatambasula manja kuti amunyamule mwana, ine n'kumubweza ndi Chingerezi changa cha m'kalasi. Anati ndiye ndimugoneke ndekha. Ndinakananso. Ndinkadziwa kuti ndikangomugoneka nanenso ndigona, mwana alira, ndipo wina wachifundo amunyamula ine ndili mtulo. Mtsikanayo anachotsa kabedi kake akundiyang'ana ngati wozungulira mutu.

Matewera anga anali ansalu, omangira pini. Kachimbudzi ka m'ndege n'kochepa ngati khola la nkhunda, moti kusintha mwana m'menemo ndege ikugwedezeka ndi ntchito yofuna manja anayi. Oipa ndinkawaika m'jumbo, jumbo m'chikwama, chikwama pansi pa mpando, koma fungo silimva zimenezo. Ine ndikafuna kudzithandiza ndinkamubereka kaye, ndipo ndikagujumula madzi chiphokoso chake chinkamudzidzimutsa, kulira n'kuyambiranso. Manyazi amene ndinachita pobwerera kumpando, anthu onse maso pa ine, sindinawachitepo kwina.

Tinatera mumzinda wina kuti tisinthe ndege. Pamalo pofufuza katundu mayi wina wa yunifomu analamula kuti ndimasule chitenje, n'kutambasula manja kuti andigwirire mwana ndidutse pamakina. Abale inu, kodi dziko lonse linapangana kuti limunyamule mwana wanga? Ndinakana. Anakweza mawu, nanenso n'kukweza anga, mzere kumbuyo kwanga ukudandaula. Mapeto ake anandilola kudutsa naye, koma anandisechera chikwama chonse, mpaka jumbo la matewera lija kulitsegula pagulu. Ameneyo ndiye sindinamumvere chisoni.

M'ndege yachiwiri, yaitali ija, ndinakhala ndi sisiteri wachizungu, wokalamba, wovala nsalu yotuwa kumutu. Anali atagwira ntchito zaka zambiri pachipatala china cha mishoni kwathu kuno, ndipo ankabwerera kwawo. Chakudya chitabwera, katebulo kanga sikanathe kutsika chifukwa mwana anali pamiyendo. Chichokereni ku Lumbadzi ndinali ndisanalawe kanthu, chonsecho mwana akuyamwa kosalekeza. Ndinangomva Chichewa pambali panga.

"Mayi, bweretsani mwanayo ndikugwirireni, inu mudye."

Ndinawayang'ana manja awo, okwinyika, a madonthomadontho. Mumtima ndinati ngati pali munthu wozizira m'ndege yonseyi ndi ameneyu. Koma amayi anali atanena kuti kaya ndani, komanso ine ndinakulira m'nyumba imene Akatolika sitinkawakhulupirira pa chilichonse.

"Pepani asisiteri, sizitheka."

Anafunsa motsitsa mawu, "Sanatengedwe?"

"Eya. Bambo wake ndi amene ndikuwatsatirawa."

Sanandiseke, sanandilalikire. Anatenga mbale yanga n'kuiika patebulo pawo, n'kuduladula nkhuku ija tizidutswa, n'kundipatsa foloko kudzanja lamanja. Ndikafuna madzi ankandigwirira kapu. Ndinadya misozi ikugwera pamutu pa mwana, iwo akuyang'ana kuwindo ngati sakuona.

Ulendo umenewo sunkatha. Mkono wamanzere unachita dzanzi, kenako n'kuyamba kuyaka, kenako sindinkaumvanso. Mapazi anatupa mpaka nsapato kukana, bulauzi inanyowa ndi mkaka, msana ngati ndalima dimba lonse ndekha. Tulo tikandiba ndinkadzitsina pantchafu. Anthu amaganiza kuti munthu wopita ku Mangalande amalota za nyumba zitalizitali ndi masitolo. Ine ndinkalota chinthu chimodzi chokha: kufika, kumuika mwana m'manja mwa bambo wake, n'kusiya mikono yanga igwe m'mbali. Ndinkadziuza kuti nawonso kumeneko apirira miyezi yonseyi chifukwa cha mwana yemweyu, ndiye ine ndingalephere kupirira ulendo umodzi?

Tinatera kukuzizira koopsa. Ndinabereka mwana, n'kuyenda makonde aatali, n'kuyankha mafunso a anthu oona mapasipoti. Sisiteri uja anandidikira, n'kundikankhira kangolo ka katundu mpaka pachitseko chotulukira. Chitseko chitatseguka ndinawaona amuna anga pakati pa gulu, atavala chijasi chachitali, atanenepa, m'manja atanyamula kajasi kofiira ka mwana. Anamwetulira. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinayamba kumasula chitenje ndisanawafike n'komwe.

"Nayu mwana wanu. Mutengeni, manja anga atha."

Anawerama n'kumusuzumira kumaso, n'kunena kuti wafanana ndi amayi awo. Kajasi kaja anakaika pamwamba pa sutikesi, n'kugwira kangolo ndi manja onse awiri.

"Tiyeni, sitima ingatisiye."

"Katunduyo musiyeni kaye. Ndati mutengeni mwana."

Ndinamukweza n'kuwayandikizira pachifuwa. Iwo anasiya kangolo n'kubwerera m'mbuyo, manja n'kuwaika kumbuyo, ndendende mmene ankachitira azimayi a ku Bowe.

"Amayi a mwana, musandipatse. Chonde. Tikakambirana kunyumba."

Maso awo anali pansi. Sipanafunike kuti wina andimasulire. Ndinaima pamenepo mwana ali m'malere, anthu akutidutsa mbali zonse ndi kukumbatirana kwawo. Sindinafunse kuti ndi ndani, kapena zinayamba liti. Zimenezo ndinadzazimva pambuyo pake ndipo sizinawonjezere kanthu pa zimene ndinaona pamalo paja.

"Paja munkati ndi zachikale?"

Anayang'ana kumbali, ine n'kupitiriza.

"Ha! Ndiye tsempho mumaliopa, koma ine simunandichitire ndi manyazi omwe. Ndakana anthu njira yonse, sindinagone, ndakangana ndi a yunifomu, kusungira inu mwana ameneyu. Inu!"

Sisiteri uja anali ataima chapafupi, ndipo Chichewa ankachimva chonse. Anatembenuza nkhope, n'kutenga kachikwama kawo n'kulowa m'gulu. Munthu yekhayo amene akanandipumitsa popanda choopsa chilichonse ndinamukana, kusungira mwana manja amene anali kumbuyo kwa chijasi.

Nditabwerera kumudzi anthu ambiri, ngakhale amayi anga enieni, anandiuza kuti ndiwathokoze amuna anga. Ati mwamuna wina akanangomulandira mwanayo kubisa manyazi ake, mwana n'kutupa, ine osadziwa chimene chamupha. Ati kubwerera m'mbuyo kuja chinali chikondi. Mwina n'zoona. Mwanayo anakula, sanatupe, lero ndi mayi wa ana ake. Koma kuthokoza kumeneko ndakufunafuna mumtima mwanga zaka zonsezi ndipo sindinakupeze. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mwambo ankaukhulupirira ndithu, kuposa ine amene. Ankadziwa chimene ndikubwera nacho, ankadziwa kuti palibe wondilandira njira yonse, koma tikiti anatumiza.

Pabwalo paja ndinatenga kajasi kofiira pa sutikesi n'kumuveka mwana ndekha. Ndinawerama, n'kumuika kumsana, n'kumufunditsa chitenje chomwe chija, chonunkha mkaka ndi thukuta. Zala za kumanzere zinakana kugwira, moti mfundo ndinachita kukoka ndi mano. Amuna anga anatsogola akukankha katundu, ine pambuyo ndi mwana kumsana.