Zingwe za a Nakhumwa

Fungo lake linkatichingamira tisanafike n'komwe pasiteji ya maminibasi pa Thyolo boma: mang'ina owira kuyambira mbandakucha, anyezi wokazinga ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Linkachokera m'kalesitilanti ka malata ka a Nakhumwa, bambo amene kale ankaphikira Mjapani wina wogwira ntchito pachipatala cha mishoni. Mjapaniyo anawaphunzitsa kukanda ufa wa tirigu n'kuudula timizere titalititali tophikira mumsuzi. Dzina lenileni la chakudyacho linatikanika kutchula, ndiye tonse tinkangoti zingwe.

Chaka chimenecho ndinali sitandade 4, ndipo zingwezo zinandilowa m'mutu ngati matenda. Anzanga akukomboni ankasimba kukoma kwake mokokomeza, ena mwa iwo asanazione n'komwe, ine mtima n'kumawawa. Ndinkazipempha podzuka ndi pogona pomwe.

Inali nyengo yoipa kupempha kanthu. Mvula inali italeka, tiyi atasiya kuphuka, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene esiteti inkachotsa othyola tiyi olembedwa nyengo ya mvula yokha. Bambo anga anali m'gulu limenelo, akudikira kumva ngati atsale. Munthu akachotsedwa ankatulukanso m'nyumba ya kampani, choncho m'mawa uliwonse tinkaona banja lina likumangirira mphasa ndi mapoto panjinga, chiperoni chikuwanyowetsa. Amayi ankasesa pamene asesa kale. Bambo ankatuluka, kulowa, kutulukanso, osadziwa chimene akufuna panjapo. Koma ine ndi liuma langa sindinaleke, mpaka tsiku lina bambo atatopa nane anati, "Ndikatsala pantchito, ndikakudyetsa zingwe zakozo."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda wa nkhope ya akapitawo. Akadutsa akumwetulira ndinkameza mate, akadutsa atakwinya nkhope ndinkalephera kumvetsera m'kalasi. Za nyumba sindinkaziganizira kwenikweni.

Loweruka lina m'mawa bambo anandiuza kuti ndisambe tipite ku boma. Ndinazungulira komboni yonse ndikulengeza kuti ife tatsala, sitikusamuka. Amayi sanandiletse, anangoyang'ana kumbali.

Kwa a Nakhumwa kunali kodzaza, makondakitala, anesi ndi makalaliki atapanikizana pamabenchi, nthunzi ili tolo. Bambo anaitanitsa mbale imodzi yokha n'kuikankhira kwa ine. Ndinachita manyazi, chifukwa kwathu mwana wamkazi ankadya ndi amayi ake, osati kukhala patebulo ndi bambo ake ngati mlendo wolemekezeka. Mbaleyo inali yakuya, msuzi wofiirira mafuta akuyandama pamwamba, dzira lodula pakati, timasamba ta mpiru, ndipo pansi pake zingwe zija zitapiringizana. Foloko inandikana. Ndinapisamo dzanja monga ndinazolowera, n'kupsa zala, anthu n'kufa nazo kuseka. A Nakhumwa anabwera akupukuta manja paepuloni. "Kolani pang'ono n'kukoka ndi milomo, amayi," anatero. "Pano phokoso n'lololedwa."

Ndinakoka. Msuziwo unali wamchere bwino, woluma jinja ndi tsabola chapakhosi, womata milomo, ndipo kutentha kwake kunatsika mpaka kumapazi anga ozizidwa. Ndinadya mwadyera, thukuta lili kamukamu. Bambo anangomwa madzi, akundiyang'ana. Ankangonena kuti ndisathamange, palibe amene akutithamangitsa.

Titabwerera kudutsa m'minda ya tiyi, tinapeza mphasa zathu zitapindidwa pakhonde, mapoto ali m'thumba, nkhuku zitamangidwa miyendo. Mawa lake tinali kunyamuka ulendo wa ku Kapichi, kumudzi kwa amayi. Anzanga aja anaima chapatali akundiyang'ana, ena akuseka. Ndinalira ndi manyazi komanso ukali, ndipo ndinawauza bambo pamaso kuti andinamiza. Sanandikalipire. Anawerama n'kuyamba kumanga katundu panjinga, kenako anati, "Ku Kapichi kulibe zingwe, mwanawe."

Ndinakhala masiku ambiri osawalankhula bwino, poti kwa ine nkhani inali yoti munthu wamkulu wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Lero ndili ndi ana anga, nawonso aliuma ngati ine, ndipo ndimaona kuti akapitawo anali atawauza kale bambo dzulo lake kuti ntchito yatha. Kunawatsalira m'mawa umodzi wokha pafupi ndi boma, ndipo anaupereka kwa ine. Iwo zingwezo sanazilawepo mpaka lero.