Uwauze Bambo Ako

Ndikukumbukira chaka chimene mzungu wa pa esiteti yathu ku Thyolo anafuna msewu wolimba, woti ngolo za tiyi zizifika kufakitale ngakhale m'matope. Ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Miyala ankaikumba m'mbali mwa chitunda, ndipo dzenjelo linalowa mkati mpaka anthu anayamba kulitcha mgodi. Amuna ankakumba, akazi ankasenza m'madengu. Inali ntchito ya thangata, yoti sungaikane ngati ukufuna kukhalabe pamalo a mzungu.

Bambo anali m'gulu la okumba. Agogo, obereka amayi anga, ankasenza nawo. Anali aang'ono thupi, ouma ngati nkhuni, koma pakamwa pawo, ee, ngakhale akapitawo ankayamba aganiza asanawayankhe. Chimene chinkandisautsa n'chakuti awiriwa sankalankhulana. Akakumana panjira, bambo ankapatukira m'tchire, agogo n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Pakakhala chonena ankadzera mwa ine. "Edesi, uwauze bambo ako kuti nkhokwe ikudontha," bambowo ali pomwepo, akumva ndi makutu awo. Amayi ankati ndiwo ulemu wa mkamwini ndi apongozi ake, koma ine ndinkati akungondinamiza, anthuwa ndi odana. Zinkandipweteka chifukwa onse ndinkawakonda.

Tsiku la ngoziyo chiperoni chinali chitanyowetsa nthaka kwa masiku angapo. Amayi anandituma kukapereka chinangwa chophika kwa bambo. Ndisanafike ndinamva chimkokomo, pansi n'kunjenjemera. Khomo la mgodi linali litagumuka. Anzawo onse anathawira kunja, koma bambo anatsalira mkati.

Anthu anafukula ndi manja mpaka anatsegula kabowo kongokwana galu. Mkatimo munkamveka kubuula. Mwamuna wina anayesa kulowa, mapewa anakana, dothi n'kuyambanso kuyoyoka. Akapitawo anakalipa kuti pasalowe munthu mpaka bwana afike.

"Bwana wanuyo adzapeza mwana wa eni atazizira," anatero agogo. Anatula dengu, kukwinda nsalu, n'kudzimanga chingwe m'chiuno. Anagulula khasu pampini nalitenga m'manja.

Mayi wina anagwira pakamwa. "Amayi, ndi akamwini anutu ali m'menemo!"

"Nanga mumati ndi a yani?" anayankha agogo. Kenako anandikoka dzanja. "Edesi, gwada apa pabowo. Usachoke."

Anakwawa chamimba mpaka zidendene zawo zinasowa mumdima. Ndinkangomva fungo la dothi lonyowa. Amuna aja manyazi anawagwira. Anathamanga kukadula mitengo ya bulugama, nayamba kuchirikiza denga uku akukulitsa bowo. Ngakhale akapitawo anagwira nawo chingwe.

Patapita nthawi ndinamva mawu a agogo. "Edesi! Uwafunse bambo ako, mwala wawapana pati?"

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, bambo anayankha mofooka. "Edesi, uwauze agogo ako kuti ndi mwendo wamanzere. Uwauzenso atuluke, denga likugwa."

"Uwauze asunge mpweya, asandiphunzitse ntchito."

Tangoganizani, anthu awiri ali mutu ndi mutu mumdima, akupuma mpweya umodzi, imfa ili pamsana pawo, koma mawu aliwonse ankayamba atulukira kwa ine panja kenako n'kubwerera! Ine ndinkabwereza onse, ndikufuula m'bowomo, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Ndinkaopa kuti ndikasiya, bambo afa.

Agogo anapala dothi kunsi kwa mwalawo mpaka mwendo unamasuka. Anamasula chingwe m'chiuno mwawo, nachimanga m'khwapa mwa bambo, ndipo amuna anakoka. Bambo anatuluka mwendo uli lendelende. Agogo anatuluka pambuyo, okha, opanda chingwe, zikhadabo zitang'ambika, tsitsi lili mbuu ndi dothi. Anakhala pansi atafulatira.

Bambo ali chigonere pamatope anandiitana. "Edesi, uwauze agogo ako kuti..." Anayesanso, koma anangolira ngati mwana, mwamuna wamkulu, pamaso pa anthu onse.

Agogo sanacheuke. "Uwauze ndamva," anatero.

Bambo anatsimphina moyo wawo wonse, ndipo awiriwo sanayang'anane kumaso mpaka agogo analowa m'manda. Koma kuyambira tsikulo sindinanenenso kuti ndi odana.

Lero ndine nkhalamba, nanenso ndili ndi akamwini. Amandipatsa moni wa m'manja, timakhala pampando umodzi, timaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindidandaula nazo, dziko linasintha. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti chikondi sichioneka ndi kuchuluka kwa macheza. Nthawi zina ndikamaseka nawo ndimadzifunsa kuti pakati pathupa ndani angakwawire mnzake m'dzenje, ndipo kunena zoona, sindiyankha msanga.