Machila oyanikapo usipa

Ine ndinali wophika phala pa shule, sukulu ya mishoni, ku Mbamba Bay, Angelezi akadali pa boma. Kuphika ndine, kusesa ndine, kutsuka zilonda za ana ndinenso, ee! Kulemba ndinaphunzira nditamera imvi, koma izi ndilemba ndithu, poti mtima ukadawawabe.

Namwino wa ku chipatala cha mishoni ankabwera kamodzi pamwezi, wapansi, nsapato zili m'manja. Tsiku lina anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi atatu ndi ine. Amvekere: “Chipatala chili kutali. Mwana akavulala musayambe kufunsana. Wina aimbe belu, wina atsegule sanduku la dawa, bokosi la mankhwala lija, amuna awiri anyamule machila.” Machilawo anatisiyira, nsalu yolimba ya mzungu ndi nsungwi ziwiri, n'kuwakoleka pakhoma.

Tinayeserera katatu. Mwalimu wamkulu, mkulu wa aphunzitsiwo, anagonapo akubuula ngati ng'ombe, ana kuseka mpaka kugwa. Ine kutsogolo, kuimba, kuvina: tayenda, tayenda, wodwala wafika! Namwino anandiphunzitsa kumanga bala, kutsindikapo osamasula. “Amayi, manja anu ngabwino,” anatero. Koma kiyi wa sanduku anapatsa mwalimu wamkulu, poti ndi wamkulu. Manja kwa ine, kiyi kwa iwo!

Kenaka usipa unagwa. Kwathu usipa ukagwa, chilichonse chotambasuka n'choyanikapo. Mphasa, chitseko, ngakhale nsalu yopitira ku tchalitchi.

M'mawa wina ana akupalira chinangwa m'munda wa shule, khasu linaguluka pampini, n'kutema mwana wanga wamkazi pamwamba pa chidendene. Magazi chuu! Belu ndinaimba ndekha. Sanduku lokhoma. Kiyi? Ali m'thumba mwa mwalimu wamkulu, mwalimu ali m'bwato, wapita kumaliro ku Lipingo. Machila? Pakhoma pangotsala misomali.

Ndinathamangira kunyumba kwa mwalimu wamkulu. Nsalu ija ili tambalale pabwalo, usipa uli nyezinyezi. Nsungwi zija akazi awo anazisolola kale, anazizika pansi ngati mizati ya thandala.

“Amayi, machila! Mwana akutha magazi!”

“Iii, achemwali, dikirani ndiwole kaye. Ukagwera pamchenga agula ndani?”

“Mwana wanga ndi usipa wanu, chachikulu n'chiti?”

“Nanga ndakana? Polepole, musafulumire. Tapatseni dengu ilo.”

Dengu! Ine ndiwapatse dengu!

Ndinabwerera chothamanga. Ndinang'amba nsalu yanga ya m'chiuno, kumanga mwendo monga anandiphunzitsira, kutsindika, mwana kumbuyo. Mwana wamkulu kale, miyendo ikundimenya m'mawondo. Mchenga wotentha, miyala, chitunda. Aphunzitsi awiri aja akutsatira, wina wasenza sanduku lokhoma pamutu, wina akungopepesa kuti pole, pole. Ndinati, “Mwalimu, pole wanuyo ndi wopepuka, tabwerani mubereke.” Anabereka pang'ono, n'kuyamba kudandaula malaya.

Ndinkamuimbira kuti asagone. Usagone mwanawe, usagone, mayi ako ali pano. Ankayankha ndi kamawu, kenaka ndi chala chokha paphewa panga.

Tinafika dzuwa litapendeka. Namwino anasoka, nati kumanga kuja ndiko kwamupulumutsa, koma mtsempha unaduka ndipo bala ladya fumbi lambiri. Mwana anachira, Ambuye alemekezeke, alululu! Ali ndi ana asanu lero. Koma amatsimphina, ndipo ndikamuona akutsikira kudooko, mwendo ukukoka mchenga, ndimamva fungo la usipa.

Mwalimu wamkulu atabwera anati, “Bwanji osathyola loko?” Aphunzitsi anati katundu wa mishoni sathyola. Ine sindinapikisane nawo. Ndinangotambasula dzanja, osalibweza, mpaka kiyi anagweramo. Ndinamumanga pa chingwe cha m'khosi pamodzi ndi kamtanda kanga. Machila ndinachapa katatu, fungo osachoka. Ndinawasokerera kunsungwi ndi bwazi wa ukonde, mfundo pa mfundo, kuti wofuna kuyanikapo ayambe wathyoka zikhadabo.