Katupe M'dziwe la Achimwene

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene mzungu wina wa kuboma anathira nsomba zakwawo mumtsinje wozizira wotsika m'phiri la Dedza. Zinali nsomba zamawangamawanga, ndipo ankaziwedza ndi ntchentche yabodza, ya nthenga zomangidwa pambedza. Anasankha anyamata atatu kuti awaphunzitse kuperekeza alendo ake kumadziwe, koma anati pamapeto adzasunga mmodzi yekha. Mwa atatuwo munali achimwene anga, a Sitefano.

Masiku amenewo amesenjala ankayenda m'midzi kugwira amuna kuti akasenze katundu kunkhondo. Wogwira ntchito kwa mzungu sankamukhudza. Tonse pakhomo tinkadziwa zimenezi, ngakhale panalibe wozitchula.

Achimwene anaphunzira kuyenda chowerama kuti chithunzithunzi chawo chisagwere m'madzi, kuzindikira mwala umene nsomba yabisalako, ndi kuponya chingwe kuti chitere mwakachetechete. Kumanga ntchentche ndiko kunkawakanika, poti zala zawo zinazolowera khasu. Ndinkawamangira ndine, ndi nthenga za nkhanga, titakhala kuseri kwa nkhokwe. Ine amene pagulu ndinkangoyang'ana pansi, kumeneko ndinkamasuka.

"Iwe Rozina, imeneyi ndi ntchentche kapena mphemvu?" ankandiseka. "Bweretsa, mwina nsomba zachizungu zimadya mphemvu."

Aliyense wa atatuwo anapatsidwa dziwe lake. Sabata yomaliza, dziwe la achimwene linatha masiku anayi osatulutsa nsomba. M'kabuku kamene aphunzitsi anandipatsa ndinalemba kuti: "Lero achimwene sanadye. Akuti nsomba zilimo, koma zachenjera."

Chilimwe chilichonse amayi a kwathu ankasinja masamba a katupe n'kuthira m'dziwe. Nsomba zinkaledzera n'kuyandama, aliyense n'kumatola. Kwa ine kuwedza kunali kupeza nsomba, basi. Sindinafunse munthu. Lachisanu m'mawa, nkhungu isanachoke, ndinasinja katupe pamwala, ndinamuthira kumtunda kwa dziwelo, kenaka ndinathamangira kukawauza achimwene kuti akatole mzungu asanafike.

Titafika, madzi anali atayera ndi mimba za nsomba, zazikulu ndi tiana tomwe. Ndipo sizinathere pamenepo, katupe anali atatsikira m'madziwe a anzawo aja. Achimwene anandigwira dzanja, naona zala zanga zobiriwira, nazinunkhiza.

"Mlongo wanga, wachita chiyani? Azunguwa safuna nsomba yakufa. Amafuna kuinyenga ili yamoyo. Zing'onozing'ono amabwezera m'madzi."

Anandisambitsa m'manja ndi mchenga mpaka khungu linawawa. Tili pomwepo tinamva nsapato pamiyala. Achimwene anandikankhira m'tchire, naimirira pamaso pa mzungu uja.

"Ndachita ndine, bwana," anatero.

Ndinamva chikoti ndili chigonere m'masamba onyowa. Ndinkawerenga, koma nditafika pa zisanu ndi chimodzi ndinatseka makutu. Sindinatuluke m'tchiremo.

Mzunguyo anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Mwezi usanathe amesenjala anafika, ndipo achimwene anapita ndi amuna ena a ku Lobi, mabala a kumsana asanapole. Potsazika anandipatsa mbedza imodzi yopanda nthenga. "Undimangire yabwino, osati mphemvu," anandinong'oneza. Sanabwererenso. Munthu wina amene anabwerako anati anawasiya panjira akutsegula m'mimba.

Amayi anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo anachita zopusa yekha. M'kabuku kaja, tsamba la Lachisanu limenelo n'lopanda kanthu, ndipo pano m'pamene ndikulilemba koyamba.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, ndipo ndinachita chifukwa chowakonda. Zonsezo n'zoona. Koma tsopano ndikudziwa kuti ndinalowa m'ntchito ya munthu ndisanaimvetse, pamene mwini wake ndinkakhala naye tsiku lililonse kuseri kwa nkhokwe. Ndikanangoti, "Achimwene, ndikathire katupe?" akanandiseka, n'kunditcha chitsiru, ndipo mwina akanakalamba pakhomo pathu.